Kuyendera makebulo a netiweki pa ofesi kamodzi pachaka, mvula isanayambe

Intaneti ikayamba kukoka miyendo pa ofesi, anthu amathamangira kuimbira foni kampani yomwe imawagulitsa intanetiyo. Koma nthawi zambiri chavuta chimakhala m'nyumba momwemo: kebulo yomwe khoswe anatafuna m'siling'i, soketi yomwe mwendo wa desiki wakhala ukuikankha miyezi yonseyi, kapena pulagi yothyoka kambano yomwe yangotsamira m'bowo. Kebulo ya netiweki siifa kamodzi ngati babu. M'kati mwake muli mawaya 8 opotedwa awiriawiri. Liwiro la 1000 Mbps limafuna onse 8, pomwe la 100 Mbps limangofuna 4, a pa pini 1, 2, 3 ndi 6. Ndiye waya mmodzi wa buluu kapena wa bulauni akaduka, makompyuta ambiri sachoka pa netiweki ayi. Amangotsika mwakachetechete kufika pa 100, mwiniwake n'kumangodandaula kuti masiku ano netiweki ikuvuta. Ntchito ya pachaka ndi yosaka makebulo odwala otere asanaferetu.

Kuno kwathu ku Malawi nthawi yake ndi September kapena kumayambiriro kwa October. Fumbi la chilimwe limakhala litadzaza kale m'mafani, kutentha kwa October kuli pakhomo, ndipo mvula ya November ikubwera ndi madenga odontha ndi mphenzi. Sankhani Loweruka, uzani anthu kudakali sabata kuti netiweki izidzadukaduka, ndipo mukhale awiri, wina ku kabati yosungiramo zida za netiweki wina ku masoketi, mukulankhulana pa foni. Ofesi ya masoketi 48 imatha tsiku limodzi ngati malebulo alipo. Ngati palibe, konzekani masiku awiri. Tengani tesita ya wiremap yoyeza ngati waya aliyense wafika pa pini yake, toner ndi probe yake yolondolera kebulo, punch-down yokhomera mawaya pa soketi, crimping tool yokhomera mapulagi, tochi, makwerero, burashi yofewa, blower, mpukutu wa velcro, makina a malebulo, ma keystone jack 10 (jack ndi kabowo ka pa soketi kolowetsamo pulagi), ma patch cord atsopano a mita 1 ndi mamita 3 (makebulo afupi okhala ndi pulagi mbali zonse), ndi laputopu yokhala ndi port, bowo lolowetsamo kebulo, ya gigabit (1000 Mbps).

Yambani ndi kufunsa switch

Musanakwere makwerero, werengani zomwe switch, chida cha m'kabati chomwe makebulo onse amakumanirapo, yakhala ikuona. Kudakali sabata imodzi, fufutani ma counter onse, manambala omwe switch imasunga a zochitika pa port iliyonse, kuti tsiku la ntchito mudzawerenge za masiku 7 okha, osati za zaka zitatu. Pa switch ya Cisco lembani clear counters, kenako tsikulo show interfaces status ndi show interfaces counters errors. Pa MikroTik, Ubiquiti kapena TP-Link zomwezi zili pa tsamba la ma port. Mukufuna zinthu zitatu: port yomwe ili pa 100 pomwe imayenera kukhala pa 1000, port yomwe ma CRC error ake (uthenga wofika utawonongeka) akukwerabe, ndi port yomwe ikungoyaka n'kuzima. Kebulo yabwino imatha sabata ili ndi CRC error 0 kapena ochepa zedi. Akafika mazana, lembani nambala ya port imeneyo.

Musafulumire kuweruza 100 iliyonse. Maprinta ambiri, makamera a CCTV ndi mafoni ena a pa desiki anabadwa ndi port ya 100 basi. Ndipo kompyuta ikalumikizidwa kudzera kumbuyo kwa foni yotere, nayonso imakakamira pa 100, kebulo ilibe mlandu. Ngati switch yanu ndi yosalowamo, ija yongoyatsa n'kuiwala, onani mtundu wa timagetsi take, chifukwa pa chivundikiro amalemba mtundu wa 1000 ndi wa 100. Apo ayi, onani liwiro pa kompyuta iliyonse, pa Windows m'malo oonetsa Ethernet, pa Linux ndi ethtool.

Kabati

Kabati ya netiweki m'maofesi ambiri imakhala m'kachipinda kosungiramo makatoni a mapepala, ndowa yokolopera ndi ketulo. Tulutsani zonsezo, ndowa poyamba. Zida zimafuna mpweya wa madigiri 18 mpaka 27, ndipo kachipinda kopanda zenera pansi pa malata kamadutsa pamenepo dzuwa lisanafike pamutu. Ikani dzanja pa fani iliyonse mumve ngati ikupuma. Yongolira koma yosatulutsa mphepo, kapena yosokosera ngati chigayo, isintheni. Pochotsa fumbi zimitsani chida, gwirani fani ndi kamtengo kuti isazungulire ndi mphepo ya blower, ndipo puzirani fumbilo kunja kwa kabati. Nsalu yonyowa isayandikire.

Kenako ma patch cord. Chaka chilichonse mumawonjezereka ena omwe sapita kulikonse, otsala pomwe wina anasamuka desiki. Musangowazula chifukwa kagetsi kazima, pajatu lero ndi Loweruka, makompyuta ambiri ndi ozima. Yerekezani ndi zomwe switch yasonyeza m'kati mwa sabata, ndipo omwe akhala chete sabata yonse ndiwo achoke. Aatali mamita 5 opindidwapindidwa pomwe pamafunika mita 1 asintheni, chifukwa ndi omwe amatseka mphepo komanso kulemetsa ma port. Timalamba tapulasitiki tomwe tamangidwa mpaka kudinda chikopa cha kebulo duleni, muike velcro. Kufinya kumasokoneza kapotedwe ka mawaya m'kati, ndipo kapotedweko ndi komwe kamateteza uthenga ku phokoso la magetsi. Pokhota, lamulo ndi lakuti kona isathine kuposa kunenepa kwa kebulo kuchulukitsa ka 4. Kebulo ya mtundu wa Cat6 ndi yonenepa pafupifupi mamilimita 6, ndiye ngati kebulo ingakhote bwinobwino mozungulira botolo la zoziziritsa kukhosi, ili bwino. Ikapindika ngati bondo, pamenepo yapweteka kale, ngakhale muiwongole.

Pomaliza gwedezani waya wa earth, wagirini ndi yelo uja. Malamulo a TIA-607, okhudza earth ya zida za netiweki, amanena waya wa 6 AWG, womwe pamsika mungaupeze ngati 16 mm². Akhale womangidwa ndi bawuti pachitsulo chopalidwa penti. Nthawi zambiri amapezeka akulendewera kumbuyo kwa kabati, sanamangidwepo chiikireni.

M'siling'i

Apa ndi pomwe pamabisala zambiri, ndiponso ndi pomwe anthu amazemba. Kwerani m'mamawa, chifukwa ikakwana 10 koloko pansi pa malata simukhalika. Pondani pa mitanda yokha, ndipo waya aliyense wa magetsi mumutenge kuti ali ndi moto.

Khoswe amadziulula yekha: ndowe zakudazakuda ngati mpunga wopserera, fungo la mkodzo, ndi tizidutswa ta chikopa cha kebulo tomwazika pa bolodi. Mano ake amakula moyo wake wonse, n'chifukwa chake amatafuna chilichonse cholimba. Londolani mtolo wa makebulo ndi tochi, makamaka polowera khoma ndi pamwamba pa kitchini ya ofesi. Kebulo yotafunidwa mpaka mkuwa kuonekera musaimate ndi tepi yakuda. Kokani yatsopano kuchokera ku patch panel, mzere wa ma jack wa m'kabati, mpaka ku soketi, ndipo yakaleyo ikhoza kukuthandizani kukokera inzake ngati njira ili yowongoka. Mukasiya bowo lomwe khoswe analowera, chaka chamawa mudzakokanso. Tsekani ndi sefa yachitsulo ndi simenti, ndipo pomwe wazolowera, kebulo ilowe m'paipi yachitsulo. Misampha ndi yabwino kuposa mankhwala, chifukwa khoswe wofera m'siling'i amanunkhitsa ofesi milungu iwiri. Chiswe nacho chimamanga misewu yake m'kati mwa trunking yotsika pakhoma, ndipo nyerere zimakonda mabokosi akunja a makamera. Tsegulani zivundikiro muone.

Mdani wina ndi amisiri anzathu. M'chaka chimodzi m'siling'i mumadutsa wa magetsi, wa air conditioner, wa CCTV ndi wokhoma malata, ndipo aliyense amakankha makebulo kuti apeze njira. Mudzapeza mtolo wagona pa nyale ya fluorescent, kapena wamangidwa pamodzi ndi waya wa 230 V ngati nkhuni. Alekanitseni. Pomwe malo alipo siyani masentimita 30, mu trunking imodzi pakhale khoma logawa pakati, ndipo ngati akuyenera kudutsana, adutsane mopingasa osati kuyenda limodzi. Makebulo asagone pa bolodi. Akhale pa tray kapena pa zokolekera zosatalikirana kuposa mita 1.5. Paipi yodzaza kuposa magawo 40 pa 100 musaikakamizenso ina, chifukwa pokoka mudzasupula zomwe zilimo kale.

Yang'anani zipsera za madzi pa bolodi ndi pa mitanda, ndipo denga likonzedwe mvula isanagwe. Kebulo ya m'nyumba, ya chikopa cha PVC, ikakhala m'madzi nthawi yaitali imamwa chinyezi ndipo uthenga umafooka. Ikakhala padzuwa chikopa chimauma n'kung'aluka. Kunja ndi pansi pa nthaka pamafunika kebulo yakuda ya chikopa cha PE, yopangidwira panja. Paipi ya pansi pa nthaka muziiwerengera kuti muli madzi, ngakhale woika analumbira kuti anamata bwino.

Pali chinanso chokhudza kutentha chomwe ambiri sachidziwa. Malire otchuka aja, mamita 90 a kebulo ya m'khoma kuphatikiza mamita 10 a ma patch cord, anawerengedwa pa madigiri 20. Mkuwa ukatentha umafooketsa uthenga, choncho malamulo a TIA-568 amatsitsa malirewo: mamita 84 pa madigiri 40, mamita 75 pa madigiri 60, pa kebulo ya UTP, yopanda chotchinga chachitsulo m'kati. Denga la malata ku Chikwawa kapena ku Mangochi mu October si malo a madigiri 20. Kebulo yaitali yomwe imayenda bwino m'mamawa n'kuyamba ma error masana, ganizirani zimenezi. Kutalika kwake mungakudziwe popanda chida, chifukwa pa chikopa amadinda manambala a mamita. Werengani nambala ya mbali iyi ndi ya mbali inayo, chotserani.

Masoketi ndi kuyeza

Pa soketi iliyonse walitsani tochi m'kati. Mapini 8 akhale ofanana msinkhu ndi onyezimira. Ngati a m'mphepete, 1 ndi 8, aphwatalala, wina analowetsamo pulagi yaing'ono ya foni ya landline. Jack yotere siwongoleka, isintheni. Dzimbiri lobiriwira limapezeka m'masoketi apansi omwe amamwa madzi okolopera komanso m'maofesi a m'mphepete mwa nyanja. Jack anaipangira kulowetsa ndi kuzula pafupifupi ka 750, choncho ya m'chipinda cha misonkhano imatopa msanga kuposa ya kumbuyo kwa printa. Patch cord yothyoka kambano kapena yopondedwa ndi mateyala a mpando tayani, ndipo muidule kaye, apo ayi Lolemba mudzaipeza yabwerera pa desiki ya wina.

Mukapeza kebulo ya m'khoma yomwe anangoikhomera pulagi n'kuilowetsa m'kompyuta, ikonzeni. Kebulo ya m'khoma ili ndi waya wolimba mmodzimmodzi yemwe amathyoka akamapindidwa kawirikawiri. Malo ake ndi pa jack. Yoyenda ndi desiki ndi patch cord, ya timawaya tofewa.

Tsopano yezani ndi tesita, kuyambira ma port omwe munalemba aja, kenako ena onse. Tesita ya timagetsi 8 imagwira waya woduka, mawaya okhudzana ndi osinthana malo. Koma pali vuto limodzi lomwe imalipatsa chiphaso pomwe ndi lolakwika, lotchedwa split pair. Limabwera wina akayala mawaya awiriawiri motsatana, 1 ndi 2, 3 ndi 4, 5 ndi 6, 7 ndi 8, mbali zonse mofanana. Magetsi onse 8 amayaka bwinobwino. Koma netiweki imafuna kuti pini 3 ndi 6 zikhale za mawaya opotedwa pamodzi, chimodzimodzinso 4 ndi 5. Zikasiyana, uthenga umadumphira pa waya woyandikana naye, ma CRC error n'kuchuluka, makamaka kebulo ikakhala yaitali. Tsegulani soketi muone ndi maso. Mndandanda wa T568B ndi uwu: woyera wa olenji, olenji, woyera wa girini, buluu, woyera wa buluu, girini, woyera wa bulauni, bulauni. T568A imangosinthanitsa olenji ndi girini. Onse ndi abwino, bola nyumba yonse itsate umodzi. Pokhomanso jack, musamasule kapotedwe kupitirira mamilimita 13, ndipo chikopa chifike pafupi ndi jack.

Kuti mutsimikize kuti kebulo ikunyamuladi katundu, ikani laputopu imodzi ku kabati ina ku soketi, muyendetse pulogalamu yoyeza liwiro ya iperf3 kwa mphindi imodzi. Gigabit yabwino imaonetsa pafupifupi 940 Mbps. Makina akuluakulu oyeza zonse, monga Fluke DSX, ndi odula kwambiri ndipo si a chaka chilichonse. Abwerekeni mukalandira nyumba yatsopano kapena mukafuna kukwera kufika pa 10 Gbps. Pamenepo kumbukirani kuti Cat5e ndi ya gigabit, Cat6 imanyamula 10 Gbps mpaka mamita 55 zinthu zikakhala bwino, ndipo mwa mitundu itatuyi Cat6A yokha ndi yomwe imainyamula mpaka mamita 100.

PoE ndi kebulo yachinyengo

Makamera, ma access point ofalitsa Wi-Fi ndi mafoni masiku ano amadya magetsi kudzera mu kebulo ya netiweki yomweyo, njira yotchedwa PoE. Muyezo wa 802.3af wa 2003 umatulutsa ma watt 15.4 pa port, wa 802.3at wa 2009 umatulutsa 30, ndipo wa 802.3bt wa 2018 umafika 90. Onani pa switch kuchuluka kwa ma watt omwe akudyedwa poyerekeza ndi omwe ingathe. Onani madzulo, chifukwa makamera amadya zambiri akayatsa infrared yoonera mumdima. Kamera yomwe imazima n'kuyaka yokha kukada, vuto limakhala limeneli kapena kebulo ya CCA.

CCA ndi aluminiyamu wokutidwa kamkuwa pamwamba. Bokosi lake la mamita 305 limatchipa, limapepuka m'manja, ndipo pambali amalemba Cat6 mopanda manyazi, koma malamulo a TIA ndi a ISO/IEC 11801 amafuna mkuwa weniweni. Aluminiyamu amakaniza magetsi kuposa mkuwa, ndiye chida cha kumapeto chimalandira ochepa, kebulo imatentha, ndipo waya amathyoka msanga pa jack. Kuizindikira n'kosavuta. Dulani kachidutswa, palani waya ndi mpeni. Mukaona koyera ngati siliva m'kati, ndi CCA. Simungasinthe nyumba yonse tsiku limodzi, koma yambani ndi makebulo aatali ndi onyamula PoE. Mitolo ya PoE isapitirire makebulo 24 pamodzi kuti kutentha kuzituluka, ndipo chida chodya ma watt ambiri muzizimitsa port yake musanazule, chifukwa kamoto kothetheka pozula kamadya mapini pang'onopang'ono.

Pakati pa nyumba ziwiri

Kebulo ya mkuwa yochoka ku ofesi kupita ku nyumba yosungiramo katundu kapena ku geti ndi msewu wa mphenzi. Sipafunika kuti igwe pa nyumba yanu. Ikagwa chapafupi, earth ya nyumba ziwirizo imasiyana mphamvu kwa kanthawi, ndipo kusiyanako kumadutsa mu kebulo n'kuwotcha ma port mbali zonse. Ngati chaka chatha munataya ma port angapo oyandikana pambuyo pa chimvula, musayang'anenso kwina. Mankhwala ake enieni ndi fibre, chifukwa galasi silinyamula magetsi. Kebulo imodzi ya fibre ndi ma SFP awiri kapena ma media converter awiri, tizida tosintha uthenga wa magetsi kukhala kuwala, zimatsika mtengo kuposa kugula switch nyengo ya mvula iliyonse. Ngati ndalama sizinapezeke, ikani surge protector ya Ethernet, kachida kotchinga magetsi obwera mwamphamvu, mbali zonse ziwiri, iliyonse ndi waya wa earth wamfupi. Yopanda earth ndi chokongoletsera chabe.

Fibre yomwe ilipo kale, ngati ikuyenda bwino ndipo mphamvu ya kuwala pa SFP ikufanana ndi ya chaka chatha, musaizule. Mtima wa singlemode ndi ma micron 9 okha, wa multimode 50, ndiye kafumbi kamodzi kapena mafuta a chala amakwanira kutchinga kuwala. Mukazula, pukutani ndi cholembera chotsukira cha saizi yake, mamilimita 1.25 pa pulagi ya LC ndi 2.5 pa ya SC, musanabwezere. Polumikiza pamodzi pasataye kuwala kuposa 0.75 dB. Pulagi yagirini ndi yabuluu sizikwatirana, chifukwa yagirini nsonga yake ndi yopendekeka ndipo mukazikakamiza zonse zimakalika. Ma port opanda ntchito akhale ndi tizipewa tawo. Ndipo musasuzumire mu fibre ndi diso. Kuwala kwake sikuoneka koma kumawononga diso.

UPS, malebulo ndi Lolemba

UPS, bokosi la mabatire logwira zida magetsi akathima, ili m'kabati momwemo, ndiye iyeseni lero lomwe. Zimitsani magetsi a pakhoma zida zili chiyakire, muwerenge mphindi. Mabatire a 12 V 7 Ah kapena 9 Ah amakhala zaka 3 mpaka 5 pa madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wawo umatsika ndi theka. Kuthimathima kwa magetsi kumawafupikitsanso. Otupa kapena oyera pa mitu achoke, onse pamodzi osati limodzi, ndipo lembani deti pa atsopanowo ndi maka. Ngati pali jenereta kapena inverter ya sola, yesaninso posinthira, muone ngati switch ikudutsa osazima.

Soketi iliyonse ikhale ndi lebulo yofanana ndi ya pa patch panel, mwachitsanzo 1A-B07, kutanthauza chipinda cha kabati A pansanjika yoyamba, panel B, port 7. Musalembe dzina la munthu kapena la dipatimenti, anthu amasamuka. Pepala limodzi likhale ndi nambala ya soketi, chipinda, port ya switch, liwiro, kutalika, ndi zomwe mwapeza chaka chino. Kope imodzi imatidwe m'kati mwa chitseko cha kabati, ina isungidwe pa kompyuta. Jambulaninso kabati kutsogolo ndi kumbuyo. Poyenda m'maofesi suzumirani pansi pa madesiki, chifukwa timaswitch ta ma port 5 timamera tokha ngati bowa. Tilembeni, ndipo tsimikizani kuti RSTP, yomwe imaletsa uthenga kumangozungulira m'makebulo, ndi yoyatsidwa pa switch yaikulu. Popanda imeneyi, patch cord imodzi yolowa m'masoketi awiri imagwetsa ofesi yonse m'kanthawi kochepa.

Mukamaliza fufutaninso ma counter, ndipo Lolemba madzulo, anthu atagwira ntchito tsiku lonse, awerengeni. Port yomwe ikuonetsabe ma error muitsate motsatana, chinthu chimodzi pa nthawi: sinthani patch cord ya ku desiki, kenako ya ku kabati, kenako samutsirani ku port ina ya switch, kenako yesani kompyuta ina pa soketi yomweyo. Zikakanika, khomaninso jack mbali zonse ziwiri. Kukoka kebulo yatsopano kubwere kumapeto, ndipo pokoka musapitirire mphamvu ya makilogalamu 11. Ikakana kuyenda, kwerani mukaone pomwe yakodwa.